Lipoti la EEG likuti mafunde a mu ubongo wa bambo achedwa, ndiye kuti nzeru zawo zachedwanso?

Funso lochokera kwa owerenga athu, mwana wamkazi wa odwala:

"Adokotala, bambo anga ali ndi zaka 64. Kwa zaka ziwiri tsopano mawu akumawathawa, amayamba chiganizo bwinobwino kenako n'kuima pakati, amafufuza liwu mpaka ife timatopa n'kuwamalizira. Sanadwalepo sitiroko. Kuchipatala anati ndi primary progressive aphasia, anawayeza EEG ndipo lipoti linati mafunde akuchedwa mbali ya kumanzere. Koma munthu yemweyu wailesi amakonza yekha, njira saiwala, ndalama amawerenga bwino. Ndiye mafunde ochedwawo ndi amene akuwachedwetsa kuyankha? Magetsi a mu ubongo akutha ngati batire? Nanga akakhala chete choncho amakhala atamva zomwe tanena kapena ayi?"

Yankho:

Achemwali, pepani ndi matendawa. Zoti bambo amakonza wailesi zija musazione zazing'ono, ndi mfundo yaikulu zedi ndipo tibwererako. Koma tiyambe ndi batire lija, lichotseni m'mutu. Ubongo susunga magetsi penapake oti tsiku lina adzatha. Selo lililonse la minyewa mu ubongo, ndipo alipo pafupifupi 86 biliyoni, limapanga lokha timagetsi take polowetsa ndi kutulutsa timchere ta sodium ndi potassium, ndiye malinga munthu akupuma ndipo magazi akufika kumutu, magetsi akupangidwa basi. Chomwe chimaonongeka pa matenda a bambowa ndi maselo enieniwo pamalo ena ake a ubongo, ena amafa, ena amatsala koma sakumvananso bwino ndi anzawo.

EEG ija imamvera maselo amenewa kuchokera panja. Timabatani tomwe anawamata m'mutu tija, nthawi zambiri timakhala cha m'ma 20, timatola magetsi ochepetsetsa kwambiri, mwina ma microvolt 50, pomwe batire limodzi la tochi ndi 1.5 volts, kutanthauza kuti batirelo ndi lamphamvu ka 30,000. Ndiponso sitimva selo limodzilimodzi ayi, timangomva pamene maselo masauzande ambiri akugunda pamodzi. Zili ngati kwaya ikuyimba m'nyumba inu muli panja khutu pakhoma, mawu a nyimbo simuwamva, woyimba mmodzi simungamuloze, koma mutha kudziwa ngati nyimbo ikuthamanga kapena ikukokeka, komanso mbali yomwe asokonekera. Woyamba kujambula mafundewa pa munthu anali Hans Berger ku Jena ku Germany mu 1924, ndipo anazilengeza mu 1929. Iye ndi amene anaona kuti munthu akatsinzina ali maso, mu ubongo mumabwera mafunde ogunda ka 8 mpaka 13 pa sekondi, omwe timawatcha alpha. Otsika kuposa pamenepo ndi theta, ka 4 mpaka 7, ndi delta, osafika ka 4. Delta si mdani, tonse timakhala naye tikagona tulo tofa nato. Vuto ndi pamene munthu ali maso koma chigawo chimodzi cha ubongo chikutulutsa theta ndi delta, ndiye wolemba lipoti amati pamenepo pachedwa. Kumanzere sikodabwitsa, chilankhulo chimakhala kumeneko mwa pafupifupi onse ogwiritsa dzanja lamanja ndi ambiri a amanzere omwe.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka, ngakhale ophunzira zachipatala. Kuchedwa kwa mafunde ndi chiwerengero cha kugunda pa sekondi. Kuchedwa kuganiza ndi nthawi yomwe ubongo umatenga kuti umalize ntchito. Ziwirizi ndi zachibale koma si chinthu chimodzi. Chitsanzo chomwe ndimakonda ndi diazepam, mankhwala ogonetsa, munthu akamwa ameneyu EEG imadzaza ndi mafunde othamanga otchedwa beta, koma mwiniwakeyo ali lefu, mukamufunsa kanthu amayankha mokokeka. Mafunde athamanga, munthu wachedwa. Ndiye lipoti la bambo likutiuza kuti chigawo chakumanzere chili pamavuto, silikutiuza kuti mutu wonse ukuyenda mwaulesi.

Tsopano tione kumene nthawi imathera polankhula, chifukwa mukamvetsa izi chete wa bambo mudzamuona mwina. Uthenga m'minyewa sumayenda ngati magetsi a m'waya. Hermann von Helmholtz anayeza liwiro lake pa chule cha m'ma 1850 n'kupeza mamita pafupifupi 30 pa sekondi, lero tikudziwa kuti minyewa yokutidwa ndi mafuta otchedwa myelin imafika mamita 120 pa sekondi, yosakutidwa imakwawa cha pa mita imodzi. Koma mutu ndi waung'ono, ulendo wokhawo sudya nthawi yambiri, yambiri imathera pa masiteshoni pomwe ntchito ikugwiridwa. Mukaonetsedwa chithunzi cha kiyi n'kunena kuti kiyi, zimatenga pafupifupi mamilisekondi 600, ndiye kuti theka la sekondi ndi kanthu. M'kanthawi kameneko maso aona, ubongo wazindikira chinthucho, wasankha liwu pakati pa mawu masauzande, wasonkhanitsa maphokoso a liwulo m'ndondomeko yake, kenako watuma lilime ndi milomo. Nayi nkhani yosangalatsa: kafukufuku wa mu 2009 wa zilankhulo 10 zosiyanasiyana anapeza kuti pocheza, mpata pakati pa wofunsa ndi woyankha umakhala cha pa mamilisekondi 200 okha. Eti liwu limodzi lifuna 600 koma timayankhana pa 200. Zimatheka chifukwa tonse timayamba kuphika yankho mnzathu akadali pakati pa chiganizo. Ndiye siteshoni imodzi yokha ikachedwa ndi theka la sekondi, munthuyo macheza amamusiya, pomwe akuti atsegule pakamwa wina walowa kale ndi nkhani ina. Panyumba zimaoneka ngati kuchedwa koopsa, chonsecho mwina ndi siteshoni imodzi.

Pali njira ina yogwiritsa EEG yomwe imayeza masiteshoni amenewa mwachindunji, dzina lake ERP. Munthu amamuonetsa mawu kapena kumumveretsa phokoso kambirimbiri, kompyuta n'kuphatikiza mayankho onse a ubongo kuti zosokoneza zifafanizike, chotsala ndi timapiri ndi tizigwa tomwe timabwera pa nthawi yake yodziwika. Kodziwika kwambiri ndi P300, komwe Samuel Sutton ndi anzake anafotokoza mu 1965. Mumamvera phokoso limodzimodzi, pii pii pii, mwadzidzidzi pabwera losiyana, ubongo umadzidzimuka cha pa mamilisekondi 300, ndipo nthawi imeneyi imatalika pang'onopang'ono ndi ukalamba, n'kutalika kwambiri pa matenda oiwala ngati Alzheimer. P300 ndiye amayandikira chomwe mukufunsa, liwiro la ubongo pozindikira ndi kusiyanitsa zinthu, ndipo ubwino wake safuna kuti munthu alankhule.

Pa chilankhulo penipeni pali N400, wa Marta Kutas ndi Steven Hillyard mu 1980 ku San Diego. Ndikanena kuti "ndinatsegula chitseko ndi kiyi" ubongo wanu uli phee. Ndikati "ndinatsegula chitseko ndi mtambo" pakatha mamilisekondi 400 kachigwa kamaoneka, ubongo wakhumudwa pa tanthauzo. Palinso P600, wofotokozedwa mu 1992, amene amabwera galamala ikathyoka, kwa ife zingakhale ngati munthu atati "mwana changa zikulira", mwamva nokha mmene zalasira m'khutu. Ofufuza a ku Northwestern University ku Chicago anayeza N400 mwa odwala primary progressive aphasia, mwachidule PPA, powaonetsa chithunzi kenako liwu, ndipo anaona kuti mwa amene tanthauzo la mawu likuwatayika, ubongo sudzidzimuka mokwanira liwu likakhala lolakwika koma lachibale ndi chithunzicho, ngati chithunzi cha galu n'kulemba mphaka. Malire a pakati pa mawu oyandikana amakhala akufufutika. Koma ndikuuzeni, ERP nthawi zambiri ndi ya kafukufuku. EEG wamba yomwe bambo anayezedwa, ya mphindi 20 kapena 30 atagona chagada, siyeza zimenezi, ndiye musakafufuze N400 pa lipoti lija simumupeza.

Nanga PPA yeniyeniyo? Arnold Pick ku Prague anali atalemba kale mu 1892 za munthu amene chilankhulo chinkamuthera pang'onopang'ono, koma amene anaiika poyera masiku ano ndi Marsel Mesulam mu 1982, pofotokoza odwala 6 omwe mawu ankawathawa chaka ndi chaka pomwe nzeru zina zili bwino. Wailesi ija ndi imeneyi. Kuti matenda atchedwe PPA, chilankhulo chimayenera kukhala vuto lalikulu poyambirira, zina zonse zikugwirabe, ndipo ambiri amayamba ali m'zaka za m'ma 50 ndi 60. Mu 2011 akatswiri motsogozedwa ndi Maria Luisa Gorno-Tempini anagwirizana zogawa matendawa patatu, ndipo kwa ine kugawa kumeneku ndiko kumayankha funso lanu, chifukwa mtundu uliwonse uli ndi siteshoni yake yomwe yawonongeka.

Mtundu wa nonfluent vuto lili kutsogolo kumanzere, komwe timamanga chiganizo ndi kulamula pakamwa. Munthu liwu akulidziwa koma kulitulutsa ndi ntchito yakalavulagaga, maphokoso amapindika, timawu tolumikiza timagwa, ndipo kawirikawiri choyambitsa ndi puloteni yotchedwa tau. Mtundu wa semantic ndi wodabwitsa, vuto lili kutsogolo kwa chigawo cha pafupi ndi khutu, puloteni yake nthawi zambiri TDP-43, ndipo munthu amalankhula mothamanga bwinobwino, mawu ali mbwee, koma mukamvetsera mupeza ndi "chinthu chija", "zakutizakuti", ndipo mukati ndipatseni kiyi akhoza kukufunsani kuti kiyi n'chiyani. Taonani, amene akulankhula mwachangu ndi amene sakumva mawu, pomwe wachibwibwi uja akumva zambiri. Liwiro la pakamwa silitiuza kuchuluka kwa zomwe munthu akumva.

Wachitatu ndi logopenic, ndipo mmene mwafotokozeramu bambo akufanana ndi ameneyu, ngakhale sindingagamule ndisanawaone. Vuto lili chakumbuyo kumanzere, chapamwamba pa khutu. Munthu amayamba bwino n'kuima pakati kusaka liwu, tanthauzo akulidziwa ndithu, akhoza kukuonetsani ndi manja mmene chinthucho chimagwirira ntchito, koma maphokoso a liwulo sakubwera. Chinanso chomwe chimafooka ndi kathumba kosungira mawu omwe mwangomva kwa masekondi ochepa, kaja timasungiramo nambala ya foni tisanailembe. Liwu limodzi amabwereza bwino, chiganizo chachitali chimaduka panjira. Mwa ambiri a mtundu umenewu choyambitsa ndi matenda a Alzheimer omwe ayambira kuchigawo cha chilankhulo m'malo moyambira kokumbukira, ndipo Alzheimer amadziwika ndi kuchedwetsa mafunde, alpha amachepa n'kutsika liwiro, theta ndi delta amachuluka. N'chifukwa chake kuchedwa kwa kumanzere pa lipoti lija sikukundidabwitsa. Pa mitundu iwiri yoyamba ija EEG wamba imatha kutuluka yabwinobwino munthu akudwala ndithu. Makina ena otchedwa MEG, omwe amayeza maginito opangidwa ndi magetsi omwewa, anaonetsa pa kafukufuku wa ku San Francisco mu 2017 kuti mtundu uliwonse uli ndi malo akeake pomwe mafunde asiya kugunda mogwirizana.

Ndiye kodi mafunde ochedwa amayenda limodzi ndi kuganiza mochedwa? Mukatenga gulu la odwala n'kuwayeza, inde, amene mafunde atsika kwambiri amakonda kuchedwanso pa matesiti. Koma pa munthu mmodzi, bambo anu, simungatenge lipoti la EEG n'kuwerengera kuti ayankha pa masekondi angati kapena chaka chamawa adzakhala bwanji. Ine sindichita zimenezo ndipo wina akakulonjezani choncho mumukayikire. Komanso EEG payokha sipeza PPA. Matendawa amapezeka pomvetsera malankhulidwe ndi matesiti a chilankhulo, MRI kuona pomwe ubongo wafota ndi kutsimikiza kuti si chotupa kapena sitiroko yobisika, ndipo pomwe zilipo sikani ina ya ubongo yotchedwa PET kapena kuyeza madzi a mumsana kuti adziwe puloteni yake.

Pali msampha wina pa matesiti a liwiro omwe ndikufuna muudziwe. Ambiri mwa matesitiwa amadutsira m'chilankhulo. Akati tchulani nyama zambiri m'mene mungathere pa mphindi imodzi, bambo agwa, koma agwa chifukwa cha mawu. Pa tesiti yotchedwa Trail Making gawo lachiwiri limafuna kulumikiza manambala ndi zilembo mosinthana, zilembo ndi chilankhulonso. Ngakhale malangizo a tesiti akakhala chiganizo chachitali, munthu wa logopenic wataya theka lake asanagwire n'komwe pensulo. Mapeto ake pepala limati liwiro la kuganiza latsika kwambiri, chonsecho ayeza bala lomwelo kawiri. Pemphani kuti ayezedwenso ndi matesiti osafuna mawu, ofananitsa zizindikiro kapena zithunzi, ndipo awaonetse chitsanzo m'malo mongowafotokozera. Akachita bwino pamenepo ndiye kuti kuchedwaku kukadali m'chilankhulo mokha. Akachedwanso pamenepo, matenda ayamba kufalikira kapena pali china chowonjezera.

China chowonjezeracho muchisake, chifukwa ndi chomwe chimachizika. Tulo tosakwanira timachedwetsa mafunde ndi munthu yemwe, olo kungosinza pa nthawi ya EEG kumabweretsa theta. Mankhwala ogonetsa, amitriptyline, ena a chimfine oledzeretsa aja, mowa. Kusamva bwino m'makutu, ichi anthu amachiiwala kwambiri, munthu amene akuvutika kale kusunga mawu ndiye awamvenso moperewera. Kukhumudwa kwa mumtima, komwe n'kofala mwa odwala PPA poti amadziwa bwino zomwe zikuwachitikira. Chithokomiro chofooka, kuchepa kwa vitamini B12, HIV ndi chindoko, zonsezi magazi amaonetsa. Palinso khunyu lobisika losagwetsa munthu. Kafukufuku wina wa mu 2016 anapeza zizindikiro zake pa odwala Alzheimer pafupifupi 4 mwa 10 alionse atawayeza usiku wonse, ndiye mukaona bambo angoti duu maso ali gwa, osayankha olo muwagwedeze, kapena akutafuna pakamwa popanda kanthu, kenako n'kubwerera ngati palibe chachitika, kanenni, apo EEG ya nthawi yaitali ndi yothandiza zedi. Ndipo PPA imayenda mwa miyezi ndi zaka. Mawu akasokonekera mwadzidzidzi tsiku limodzi, kamwa kupotoka, dzanja kufooka, imeneyo ndi sitiroko thamangani nawo. Akasintha kwambiri m'masiku ochepa, ganizirani matenda ena m'thupi monga a m'chikhodzodzo kapena chibayo.

Tibwere ku funso lomwe ndikuona kuti likukupwetekani kwambiri, ngati amamva. Ngati alidi a logopenic kapena nonfluent, mawu amodziamodzi ndi ziganizo zazifupi amamva, nkhope yanu ndi kamvekedwe ka mawu anu amawerenga bwino kwambiri, ndiye musamakambirane za iwo ali pompo ngati palibe. Chomwe chimawataya ndi utali. "Bambo, mukamaliza kusamba mutenge jekete ija ili pampando chifukwa tikatuluka tidzera kaye kwina" apo mwawapatsa zinthu zinayi m'kathumba kolowa chimodzi. Nenani chimodzi, dikirani. Ndimauza mabanja kuti awerenge chamumtima mpaka 10, ndipo ambiri amabwera kudzandiuza kuti sanadziwe kuti masekondi 10 ndi aatali choncho, timazolowera mamilisekondi 200 aja. Cholakwika chomwe pafupifupi aliyense amachita ndi kubwereza funso m'mawu ena pa sekondi yachitatu poganiza kuti sanamve, koma iwo anali pakati pomanga yankho, mwawagwetsera njerwa ayambirenso. Wailesi ndi TV zimitsani pocheza, alankhule munthu mmodzi nthawi imodzi. Za kuwamalizira mawu, afunseni okha tsiku lomwe ali bwino ngati amafuna kuthandizidwa, ena amafuna ena zimawakwiyitsa, ndipo nthawi zina kungowapatsa phokoso loyamba la liwu kumakwanira, kapena kuwapatsa ziwiri asankhepo, kapena pepala ndi cholembera, kapena aloze.

Mankhwala oimitsa PPA palibe pakadali pano, ndipo ndikhala ndikukunamizani ndikati kuchedwaku kudzakhala m'chilankhulo mokha mpaka kalekale. Matendawa amapitirira, ndipo pakapita zaka kukumbukira, kukonza zinthu kapena kayendedwe zimayamba kukhudzidwa malinga ndi mtundu wake. Ngati zatsimikizika kuti pansi pake ndi Alzheimer, dokotala akhoza kuyesa mankhwala ngati donepezil. Chomwe chili ndi umboni wabwino ndi katswiri wophunzitsa kulankhula, kuyeserera mawu omwe bambo amawafuna tsiku ndi tsiku, mayina a ana ndi adzukulu, kuloweza ziganizo zokonzeratu zoyankhira foni, ndi kupanga buku la zithunzi kapena kuziika pa foni akadali ndi mphamvu yophunzira kuligwiritsa ntchito. Mudzamvanso za tDCS, kupatsa ubongo timagetsi ta 1 kapena 2 milliamp kudzera pakhungu la mutu pa nthawi yophunzira kulankhula. Ku Johns Hopkins ndi kwina akhala akuyesa ndipo zotsatira zina n'zolimbikitsa, koma akadali kafukufuku, ndipo si kutchaja batire. Timakina tomwe amatsatsa pa intaneti kuti timadzutsa mafunde a ubongo tisiyeni.

Popita kwa dokotala ulendo wotsatira tengani mankhwala onse omwe bambo akumwa, ngakhale ogula okha, ndipo funsani kuti ndi mtundu uti mwa itatu ija, MRI inaonetsa chiyani, makutu anayezedwa kapena ayi, komanso ngati ankasinza pa nthawi ya EEG. Bambo akalola, ajambuleni pa foni mphindi ziwiri akufotokoza chithunzi chimodzimodzi miyezi itatu iliyonse, nthawi yomweyo ya tsiku, makamaka m'mawa asanatope. Timavidiyo timeneto timandiuza zambiri za kayendedwe ka matenda kuposa kubwereza EEG. Ndipo nkhani za ndalama, katundu ndi chisamaliro chomwe angafune mtsogolo mukambirane nawo chaka chino, pang'onopang'ono, funso limodzi nthawi imodzi, mayankho awo mukulemba.